Katoni Yosatsegula ya a Yesaya

Kabudula, 2 Juni 2024

Wokondedwa mwana wanga Thokozile,

Ndine bambo ako, Yesaya Mbewe. Akulemba ndi azakhali ako a Enelesi, koma mawu ndi anga, ndipo ndawauza kuti asathiremo mchere wawo. Kaya uli bwanji ku Area 25? Kuno tadzuka, kupatula bondo lija. Mtedza takumba, fodya wapita ku okushoni, ndipo ngolo imene ndimakhomera anthu a ku Nsaru yatha.

Nkhani zazikulu usamandiuze pafoni. Makutu anga amatola theka, theka lina limatsalira m'mwamba. Kalata ndimatha kuuza azakhali ako kuti abwerezenso.

Nkhani ndi iyi. Pa Pasaka unabwera ndi kamera n'kujambula kwaya ya pampingo pathu, ndipo unalonjeza kuti filimu yake tidzaonera tsiku la masika, mu Ogasiti. Ine ndinaimirira pamaso pa akulu ampingo n'kunena kuti mwana wanga ntchito yake ndi yomweyo, amapanga mafilimu a maukwati ndi a mabungwe m'tauni. Tsopano a Zakeyu, aja amakhala kutsogolo ndi jekete lachikopa, Lamulungu lililonse akumandifunsa kuti, "Kodi a Mbewe, kanema uja wamera, kapena mbewu inawolera pansi?" Ndiuze chowayankha.

Yankho upereke kwa dalaivala wa lole ya a Osmani akabwera kudzaoda katundu wa m'sitolo.

Ndine bambo ako.

Area 25, Lilongwe, 7 Juni 2024

Okondedwa ababa,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Bondolo mulipumitseko, ngolo sizithawa. Azakhali, moni.

Filimu ya kwaya sindinaiwale. Zonse zimene ndinajambula zili bwinobwino, koma laputopu yanga yatopa. Ndikangoyamba kudula ndi kulumikiza zithunzi imatentha ngati mbaula, kenako n'kuzima. Ntchito za anthu ena zaimanso. Ndiyenera kupeza kompyuta yamphamvu, ya patebulo.

Njira zilipo ziwiri, ndipo mutu ukundizungulira. Yoyamba ndi kugula yopangidwa kale ku fakitale. Umangoitulutsa m'katoni n'kuyatsa, ndipo ikafa chaka chisanathe eni sitolo amakukonzera. Mnzanga Cynthia anagula yotero ndipo amagona tulo tabwino. Koma ndi yodula, ndipo amene anaipanga sankadziwa ntchito yanga. Zina zimene anaikamo ine sindizifuna, pomwe chimene ndikufunitsitsa, chokoka zithunzi zolemera, anaikamo chaching'ono. Ya Cynthia itadwala, anadikira nthawi yaitali kuti chitsulo chake chibwere kuchokera kunja.

Njira yachiwiri ndi kugula ziwalo chimodzichimodzi, n'kuzilumikiza. Khalidi, mwana wa a Osmani uja tinkaphunzira naye ku pulayimale, ndiyo ntchito yake kuno. Akuti tingasankhe chilichonse molingana ndi ntchito yanga. Kuopsa kwake n'kwakuti ikavuta palibe sitolo imodzi yoti ukailirire. Komabe mtima wanga ukupendekera kumeneko, chifukanso thumba langa lingakwanitse pang'onopang'ono.

A Zakeyu muwauze kuti mbewu ili m'nkhokwe, ikudikira mvula.

Mwana wanu,
Thokozile

Kabudula, 12 Juni 2024

Thokozile mwana wanga,

Kalata yako ndaimva kawiri, ndipo kachitatu ndinauza azakhali ako kuti awerenge pomwe panali mawu akuti thumba. Ndamva chimene sunafune kunena. Mwana woleredwa bwino sapempha poyera, amangonena kuti kunja kukuzizira.

Tsono mvera. Zolumikiza iyayi. Ine moyo wanga wonse ndayendera zolumikiza. Njinga imene ndinakafunsirira mayi ako malemu inali ya felemu ya uku, mateyala a uko, chishalo cha m'dzala, ndipo alamu anga anaiseka mpaka tsiku la ukwati. Nsapato zako za ku sekondale zinali za pakaunjika. Unkaganiza kuti sindinkaona mmene unkabisira mapazi pansi pa benchi? Ndinkaona.

Chinthu chatsopano chimabwera m'katoni yomata, munthu asanaikepo chala. Wayilesi yanga ndinaigula choncho, ndipo pulasitiki yake ikadalipo mpaka lero. Aliyense wolowa m'nyumba muno amadziwa kuti a Mbewe sanatole. Khalidi ndi mwana waulemu, bambo ake ndi mnzanga, koma mwana wanga sadzagwira ntchito pamaso pa anthu a m'tauni ndi makina otolatola ngati nkhuni.

Chaka chino fodya sanandichititse manyazi. Usachite chilichonse. Dikira.

Ndine bambo ako.

Thoko, ndine azakhali ako, ndikuwonjezera iwo atapita kushedi. Wayilesi akunenayo inasiya kulankhula mvula ya dzana, yangotsala kuwala pulasitiki. Achimwene angawa akaika mutu pansi ngati ng'ombe ya pagoli sabwerera. Uyankhe msanga.

Area 25, Lilongwe, 15 Juni 2024

Okondedwa ababa,

Chonde musagule kanthu. Sindinapemphe, ndimangokufotokozerani monga mwana amachitira ndi kholo. Ziwalo zimene ndikunena si zapakaunjika. Chilichonse ndi chatsopano, chili m'kabokosi kake komata. Ine ndi Khalidi tagula kale zingapo. Za fodyazo mugulire feteleza, ndiponso mukaonetse bondo kuchipatala.

Za nsapato zija, ndinkabisa mapazi chifukwa cha masokosi obooka, osati nsapato. Nsapatozo ndinkazikonda.

Thokozile

Kabudula, 24 Juni 2024

Thokozile mwana wanga,

Moni. Sunayankhe kalata yanga, ndiye ndadziwa kuti wavomera. Uthokoze Mulungu, kompyuta yako ndagula.

Lachinayi ndinakwera lole ya a Osmani. Iwo atalowa kooda shuga ndi sopo, ine ndinayenda ndekha mpaka ndinapeza sitolo ya makompyuta. Sindinakuuze kuti ndili m'tauni chifukwa ukanandiletsa. Pashelefu panali katoni yaikulu kuposa zonse, yomata mbali zonse, ndipo pachithunzi chake panali kompyuta yakuda ya khoma lagalasi, mkati mukuyaka nyali ngati m'sitolo ya mankhwala. Ndinafunsa mtsikana wogulitsa ngati opanga mafilimu amagwiritsa ntchito zoterezi. Anati eya, ambiri amazikonda.

Kenako anayamba zija za amalonda. Akuti agogo, pamafunikanso ichi, pamafunikanso icho, zoikamo mkati. Ine ndagulitsa ngolo zaka zambiri, nyimbo imeneyo ndimaidziwa. Ndinamuuza kuti zowonjezera sindifuna. Anatenga mpeni kuti atsegule katoni andionetse, ine ndinamugwira dzanja. Ndinati, "Mayi, mukaitsegula mugula ndinu." Anaitana mnzake, onse awiri kulankhula nthawi imodzi, koma ine ndinalipira n'kunyamula. Ndipo mtengo wake sunali woopsa monga unkanenera. Anthu a m'tauni amakuberani chifukwa mumamvetsera kwambiri.

Pobwerera ndinaikhazika pamiyendo njira yonse, sindinalole kuti ikwere kumbuyo ndi matumba. Ndi yopepuka bwino. A Osmani anafuna kuyang'anitsitsa zolembedwa pakatoni, ndinaifunditsa chitenje chifukwa cha fumbi.

Lamulungu ndinalengeza kumpingo. Abusa avomera kuti tsiku la masika katoni idzatsegulidwa kutsogolo, adzaipempherera, kenako iwe udzaonetsa filimu ya kwaya pamakina omwewo. A Osmani atibwereka jenereta yawo. A Zakeyu anangoti, "Tidzaona," koma jekete linawachepera.

Pakali pano ili kuchipinda kwanga, pampando, ndipo palibe woikhudza.

Ndine bambo ako.

Thoko, kalata yako ya pa 15 yapezeka lero m'lole, pansi pa mpando wa dalaivala, itapakidwa girisi. Ndawawerengera titamaliza kulemba iyi. Akuti zilibe kanthu, unalemba chifukwa cha ulemu. Pa masokosi paja anati ndibwereze. Mayi Nasima, akazi a a Osmani, ajambula katoniyo ndi foni yawo kuti atumizire Khalidi, poti iwonso akufuna kunyadira nawo. Azakhali ako.

Area 25, Lilongwe, 28 Juni 2024

Okondedwa ababa,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndalira. Kukwera lole ndi bondo limenelo, kuyenda nokha m'tauni, chifukwa cha ine. Zikomo, Mbewe. Palibe munthu anandigulirapo chinthu chotere. Chithunzi chake ndachiona, ndi yokongola kwambiri. Ndikupempha chinthu chimodzi: muitumize kuno pa lole, kuti ndiyambe kuizolowera masika asanafike. Ndidzabwera nayo.

Mwana wanu,
Thokozile

Azakhali, apa ndi panu nokha, musawawerengere. M'katonimo mulibe kompyuta. Ndi bokosi lake lokha, chikhokhombe choikamo ziwalo, chabwino ndithu koma chopanda kanthu mkati. Mtsikana wa m'sitolo uja ankanena zoona. Ikatsegulidwa pamaso pa mpingo, a Zakeyu adzaseka mpaka Khirisimasi, ndipo ababa sadzapondanso pakhomo la tchalitchi. Muwanyengerere aitumize. Ine ndi Khalidi tidzaikamo ziwalo zathu, n'kumatanso katoniyo mwaukhondo. Sadzadziwa.

Kabudula, 5 Julayi 2024

Thoko mwana wa achimwene anga,

Ndine azakhali ako, ndikulemba ndekha. Zavuta, ndipo usandikwiyire.

Ndinawerenga mpaka pa dzina lako n'kupinda pepala. Bambo ako kuwerenga sadziwa, koma maso a mmisiri ali nawo. Anati, "Enelesi, mawu atha koma inki sinathe. Pansipo pali chiyani?" Ndinati ndi moni wa kwa amayi a Chigwirizano. Anati, "Werengani moniyo." Ndinayesa kupeka, koma ine kunama ndimachita chibwibwi kuyambira ndili mwana, iwo amadziwa. Anati akapita nalo pepalalo kwa aphunzitsi. Ndinaona kuti kuli bwino amve kwa ine kusiyana n'kuti sukulu yonse imve. Ndinawerenga zonse, mpaka pa "sadzadziwa".

Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Walemba kuti sadzadziwa?" Ndinati eya. Anatenga chipewa n'kupita kushedi.

Lamulungu sanapite kutchalitchi, akuti bondo. Amadya pang'ono, wayilesi yosalankhula ija aitembenuzira kukhoma. Ndikawafunsa ngati tilembe kalata amati alibe mawu. Katoni ikadali pampando. Usaimbe foni, sangayankhe. Dikira, ndimawadziwa.

Azakhali ako,
Enelesi

Kabudula, 16 Julayi 2024

Thokozile,

Ndine bambo ako. Moni. Enelesi, lembani monga ndikunenera, musafewetse.

Kuti ndinagula chikhokhombe, chimenecho ndameza. Munthu amene sanagulepo mbuzi yodwala ndi amene sanapitepo kumsika. Chimene chinandikhala pakhosi ndi chakuti iwe unafuna kumata katoni kuti ndiimirire pamaso pa abusa n'kunena bodza ndisakudziwa. Ndine wosaphunzira, koma sindine mwana woti azimubisira mankhwala m'nthochi. Usadzachitenso.

Katoni ndaitsegula ndekha, kushedi, ndi mpeni wanga. Ndinatulutsa bokosilo n'kuliika pabenchi. Ndakhala ndikuliyang'ana masiku angapo. Amene analipanga ndi mmisiri. Makona ake ndi owongoka, palibe pocheka chala. Mkati muli timabowo tambiri ta masikuluwu, tina apa, tina apo, kusonyeza kuti anasiyira mwini wake kuti asankhe chomangapo. Pamenepo ndinalizindikira. Ndi thupi la ngolo lisanalandire ekiselo ndi mateyala.

Munthu akabwera kwa ine kufuna ngolo, sindithamangira matabwa. Ndimamufunsa kaye: muzinyamula chiyani, njerwa kapena mapesi? Muzidutsa njira iti, ya mchenga ya ku Nambuma kapena ya miyala? Ng'ombe zanu ndi zazikulu bwanji? Ngolo za m'sitolo ndi zokongola, penti wake amawala, ndipo wofuna kunyamula lero lomwe amachita bwino kugula imeneyo. Koma anaipangira munthu aliyense, ndipo munthu aliyense sakhala ku Kabudula.

Tsono ndikufunsa iwe monga ndimafunsira anthu anga. Makina akowa azinyamula chiyani? Njira yake ndi yotani? Ndipo akathyoka, adzagona pansi pake ndi sipanala ndani? Uyankhe bwino, chifukwa ngati mayankho ako ali ofooka ndidzakuuza kuti uchite ngati Cynthia.

Chinanso. Bokosili silikwera lole. Ngati ziwalo zikulifuna, zibwere kuno.

Ndine bambo ako.

Area 25, Lilongwe, 20 Julayi 2024

Okondedwa ababa,

Ndinalakwa. Pepani, Mbewe. Ndinaopa kuseka kwa a Zakeyu kuposa kukhumudwa kwanu, ndipo ndinasankha molakwika.

Nawa mayankho. Katundu wake ndi njerwa, osati mapesi. Filimu ya ukwati umodzi imalemera kuposa zithunzi zonse za m'foni ya mayi Nasima, ndipo makinawo amayenera kuikoka kuyambira m'mawa mpaka madzulo osapuma. N'chifukwa chake tasankha chokoka zithunzi chachikulu, ndiyo ekiselo yake, ndipo pa zokongoletsa sitinawonongepo kanthu. Njira yake ndi ya fumbi, kutentha kwa Okutobala, ndi magetsi ozimazima. Tagula mafani okwanira oiziziritsa ndi batire loigwirira magetsi akathawa. Ikathyoka, adzagona pansi pake ndi Khalidi, ndipo ndamuuza kuti pomanga ndikhale pomwepo kuti ndiphunzire. Chiwalo chimodzi chikafa timachotsa chomwecho, zina n'kutsala.

Chimene sindingakulonjezeni ndi chakuti idzayaka tsiku loyamba. Khalidi akuti nthawi zina ziwalo zatsopano zimakanana, ndipo umafunika kufufuza. Ya m'sitolo ilibe vuto limenelo. Ndalingalira, ndipo ndikusankhabe yomanga.

Chodabwitsa n'chakuti bokosi ndi chinthu chokhacho chimene tinali tisanagule. Khalidi wayeza pa chithunzi chija, akuti zonse zikwanamo.

Tibwera Loweruka likubwerali pa lole, ndi sikirini yoonetsera zithunzi yomwe. Filimu ndidzaimalizira konko, kusitolo kwa a Osmani kumene kuli magetsi. Benchi mulisese, Khalidi akuti utuchi ndi mdani.

Mwana wanu,
Thokozile

Kabudula, 13 Ogasiti 2024

Wokondedwa mwana wanga Thokozile,

Ndine bambo ako. Ndikhulupirira munafika bwino ndi makina. Kuno tadzuka. Azakhali ako akuti ndikulemberanji zinthu zimene unaziona ndi maso ako. Ndawauza kuti unaona uli kumbuyo ndi mawaya, sunaone nkhope za anthu. Ndiponso ndikufuna zikhale papepala.

Choyamba, umuuze Khalidi kuti ndamukhululukira pondisambitsa m'manja kawiri m'shedi yanga yomwe. Dzanja lake ndi labwino, koma masikuluwu amamanga mozungulira ngati akuvina. Ndinamuonetsa kuti umayamba ngodya iyi, n'kudumphira ya kutsidya, kuti chinthu chikhale mofanana, ndipo iye anati buku lakenso limatero. Ndiye bukulo analemba ndi munthu wanzeru. Pamene makina anakana kuyaka koyamba, iwe unatuwa ngati phulusa. Ine sindinaope. Palibe ngolo imene ndinamanga yomwe teyala lake silinakhule tsiku loyamba. Mnyamatayo atazula kachitsulo kena ka mkati n'kukakhazikanso bwino, mafani n'kuyamba kuzungulira, ndinatuluka panja chifukwa utuchi unandilowa m'maso. Enelesi, lembani utuchi.

Tsono za Lamulungu. Anthu atapereka chimanga ndi mtedza wawo, ine ndinanyamula makina kupita nawo kutsogolo, opanda katoni. A Zakeyu anaimirira, n'kukonza jekete, n'kunena mokweza kuti, "Pepani abusa, tingofuna kudziwa. A Mbewe anatilonjeza ya m'katoni yomata. Kodi imeneyi ndi yatsopano, kapena ndi zolumikiza?"

Iwe sunaone, koma azakhali ako anatseka maso.

Ndinati, "A Zakeyu, ndi yolumikiza. M'katoni muja munali bokosi lokha, ndinagula osadziwa. Zamkatizi anasankha ndi mwana wanga, anaika ndi mwana wa a Osmani, ndipo masikuluwu ndamanga ndine. Bwerani muone." Pagalasi paja panali pakadali pulasitiki ya ku fakitale, imene unandisiyira kuti ndichite nayo chimene ndifuna. Ndinaigwira pangodya n'kuisenda yonse, chifukwa inkabisa ntchito.

Anthu anaseka, inde. Ena anaseka kwambiri pa mawu akuti bokosi lokha, abusa omwe. Koma anaseka akubwera kutsogolo, ndipo woyamba kuwerama pagalasi anali a Zakeyu. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ekiselo ndi iti. Ndinawalozera.

Filimu anaikonda. Amayi a kwaya akufuna ibwerezedwe pa Khirisimasi. Koma pali malo amodzi pamene kamera inandipeza nditatseka maso nthawi ya ulaliki. Ndinkapemphera. Komabe pachotse.

Katoni azakhali ako aitenga, akuti nkhuku yawo ikufuna poikira. Ndawalola.

Chomaliza, ndipo ichi usachinyozere. Ngolo yatsopano ikayenda ulendo woyamba, mabawuti amamasuka, ndipo mwini wake amayenera kuwamanganso. Makina ako ayenda msewu wa Kabudula pa lole. Usanayambe ntchito za anthu, tsegula galasi, uyese sikuluwu iliyonse, kuyambira ngodya iyi n'kudumphira ya kutsidya. Usadikire Khalidi. Sikuludilaiva yanga ndakuikira m'thumba la mtedza limene likubwera ndi kalatayi, pansi penipeni. Imeneyo si yobwereka.

Ndine bambo ako,
Yesaya Mbewe